Mwana wanga wa Sitandade 8 wasanduka womasulira masewero a agogo ake, nditani?

Admin, chonde ndibiseni dzina, pagulu pano pali alamu anga awiri.

Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Woyamba ndi mtsikana wa zaka 13, ali Sitandade 8, wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 5, ndiye pali wakhanda wa miyezi inayi. Nditachira wakhandayu apongozi anga anabwera kuchokera ku Ntchisi kudzandithandiza. Ndineneretu kuti amayi si munthu woipa. Ndinachira pa opaleshoni, ndipo amene ankandiphikira phala, kuchapa matewera ndi kusambitsa mwana masabata onse aja ndi iwowa. Pano ndayambiranso ntchito, mwana amatsala m'manja mwawo.

Nkhani yagona pa TV. Kumudzi kwawo magetsi sanafike, ndiye atangobwera ankangoonera makwaya basi. Tsiku lina mtsikana wangayu anawaikira Zee World, masewero a amwenye aja. Anakodwa tsiku lomwelo. Koma amayi Chingerezi samva, ndiye mwana amakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo n'kumawamasulira mawu ndi mawu. Ukamva "Akuti chiyani ameneyo?" mwana, "Akuti mimbayo si ya mwamuna wakeyo." Amayi n'kuwomba m'manja, "Hii! Ndinanena ine, maso ake aja!" Zimayamba cha m'ma 6 madzulo, lina likatha lina layamba, mpaka 9 yakwana. Nsima timadyera pomwepo.

Mwanayu teremu yoyamba anali nambala 4. Mayeso oyeserera amene alemba posachedwapa wakhala nambala 17, masamu ndiye osanena. Mayeso a MANEB ali pafupi, ndipo maloto ake ndi kusankhidwa kupita ku Lilongwe Girls kapena Likuni Girls. Kamnyamata nako kayamba zake. Dzana kanadzipaka lipisitiki wanga pachipumi, kenako kanamenya mbama mwana wa aneba n'kuima duu, maso ali tong'o, kutembenuza mutu katatu ngati mmene amachitira mu sewero. Ndinaseka, koma aneba sanaseke.

Ndinayesa kumuuza mwana kuti 7 ikakwana azikawerenga kuchipinda. Sipanathe mphindi zisanu, amayi akuitana: "Iwe, tabwera kaye, kuno zavuta, mkazi uja wamugwira!" Mwana angakane bwanji agogo ake akuitana? Ndinawauza bambo a kunyumba, yankho lawo akuti "asiye amayi, m'tauni muno chowasangalatsa n'chomwecho." Iwonso sangalankhule zambiri poti Loweruka ndi Lamlungu rimoti imakhala yawo, Premier League kuyambira masana mpaka usiku.

Ndiwauze bwanji amayi osaoneka ngati ndikuwathamangitsa nditathana nawo ntchito? Kapena ndingosiya kulipira dikoda?

Mayi wa ku Chilomoni: Walira mvula walira matope, asisi. Munafuna wolera mwana, mwapeza ndi wokonda TV yemwe kkkk. Koma zoona zake, nkhani imeneyi isatuluke pakamwa panu. Mtengwa akadzudzula apongozi, ngakhale mwaulemu chotani, ikafika kumudzi imakhala kuti "anandimana TV." Mwana wawo ndiye alankhule.

Bambo wa ku Mzuzu: Ingosiyani kulipira mwezi uno, munene kuti ndalama zavuta. Ndani sakudziwa kuti zinthu zadula? Nkhani yatha.

Mayi wa ku Chilomoni: Achimwene, ndiye Loweruka likafika bambo aja akufuna mpira adzalipira okha pa Airtel Money, bodza laululika. Amayi adzaona kuti ndalama imasowa pa masewero awo pokha.

Mtsikana wa ku yunivesite: Ine sindikuona vuto lalikulu. Mwana amene akumva Chingerezi n'kuchitembenuza m'Chichewa nthawi yomweyo ali ndi mutu. Ambirife Chingerezi tinachidziwira pa TV.

Mphunzitsi wa pulayimale: Ndaphunzitsa Sitandade 8 zaka zambiri, ndiyankheko mtsikanayu. Kumva Chingerezi n'kwabwino, koma pepala la Chingerezi limafunsa galamala ndi kulemba chimangirizo kapena kalata, silifunsa kuti ndani wakwatira ndani. Komanso Chingerezi ndi pepala limodzi chabe, pali masamu, sayansi, Chichewa, Social ndi zina. Kukhoza kokha si nkhani, ana ambiri amakhoza. Nkhani ndi kusankhidwa, chifukwa malo ku sekondale za boma zogonera komweko ndi ochepa, ndipo amatenga amene ali pamwamba. Mwana wotsika kuchoka pa 4 kufika pa 17 sanapuse, akungosowa maola. Masamu a Sitandade 8 safuna kuwerenga ngati nyuzipepala, amafuna pensulo ndi pepala tsiku lililonse. Mupezereni mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, azipanga ola limodzi ndi theka madzulo aliwonse pamalo opanda phokoso. Ngati nyumba ndi yaing'ono, phokoso la pabalaza limafika kuchipinda, ndipo mwana amene akudziwa nkhani ya seweroli khutu limakhala komweko ngakhale buku lili pamaso. Chinanso mayi, mwafunsa ngati mwanayo akuumirizidwa? Musadabwe kupeza kuti iyenso akuzikonda kuposa agogo akewo. Amene anatsegula tchaneloyo poyamba ndani?

Wofunsa: Aphunzitsi mwandilasa. Ndikaganiza bwino, akaitanidwa sachedwa n'komwe, amathamanga.

Mayi wa ku Johannesburg: Masewero amenewa amawabwereza masana, ena amawaonetsanso kumapeto a sabata. Onani ndondomeko pa rimoti. Amayi azionera obwereza mwana akangoweruka kusukulu, kwa ola limodzi, madzulo TV izizima. Nkhani ndi yomweyo, angochedwa ndi tsiku limodzi. Kwa kamnyamatako, masewero ambiri amalemba pakona zaka za oyenera kuonera, 13 kapena 16. Wa zaka 5 sakuyenera kukhalapo. Dikoda ili ndi PIN yotsekera, ngakhale kuno wanga anaidziwa pasanathe sabata.

Mnyamata wa ku Ndirande: Njira yachidule nayi. Pitani kumsika kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu mu fulashi, akuikireni mafilimu omasulira kale m'Chichewa. Alipo a ku Nigeria, a amwenye, a ku China, zonse. Agogo sadzafunanso womasulira.

Mayi wa ku Zomba: Koma muyambe mwaonera nokha! Anyamata omasulira aja amawonjezera zawo, nthabwala zina sungamvere limodzi ndi apongozi. Ine ndinachita kudzuka pampando kunamizira kukaona ndiwo pamoto.

Agogo a ku Kasungu: Ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga, ine maso avuta. Mwana wanga, ndikuyankhe monga mpongozi, chifukwa nanenso ndinakhalapo kwa mwana wanga m'tauni miyezi isanu ndi umodzi. Inu mumachoka m'mawa, ana kusukulu, geti n'kutseka. Kumudzi munthu ukadzuka uli ndi kumunda, kuchitsime, kumaliro, kumvano, anzako odutsa amakupatsa moni. M'tauni umakhala ndi khanda ndi makoma. Anthu a mu TV aja amasanduka aneba ako. Ndipo chimene apongozi akocho akukondwera nacho si amwenyewo ayi, ndi kukhala ndi mdzukulu pambali akucheza naye. Kale ife tinkakhala chonchi pamoto, wamkulu akuti padangotero, ana akuti tili tonse. Lero zatembenuka, wosimba nthano ndi mwana. Usawalande chabe, uwapatse china. Uwauze kuti, "Amayi, mwanayu ine sakundimvera pa zowerenga, mundithandize inu kumukhazika pansi." Munthu wamkulu ukamupatsa udindo amaugwira ndi manja awiri. Udzaona okha akuzimitsa TV.

Mphunzitsi wa pulayimale: Agogo alankhula. Ndiwonjezere kuti pepala la Chichewa limakhala ndi miyambi, zining'a ndi ndagi, ndipo ana a m'tauni amagwa pamenepa. Muli ndi katswiri m'nyumba mwanu. Mphindi makumi awiri tsiku lililonse agogo azimufunsa mdzukulu, mudzandiuza.

Bambo wa ku Area 18: Zonsezi n'zabwino, koma bwanji palibe akunena za bambo a m'nyumbamo? Mwana akuona kuti mpira ukayamba palibe wolankhula, ndiye inu mumuuze kuti TV ndi yoipa? Ife tinakula kulibe TV, TVM inayamba mu 1999 ndili kale ku sekondale. Tinkazungulira wailesi kumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC, likatha basi, mabatire asungidwe. Chinkatithandiza si nzeru, chinali chakuti zinthuzo zinkatha. Za lerozi sizitha, ndiye wozimitsa ayenera kupezeka, ndipo ayambe ndi bambo. Ngati lamulo ndi lakuti pakati pa sabata TV izizima 7 koloko mpaka mayeso atatha, likhudzenso Champions League ya Lachiwiri ndi Lachitatu.

Bambo wa ku Mzuzu: Aaa akulu, Champions League imayamba mwana atagona kale, musatilowetse m'mavuto a eni.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Ndinatsata mawu a agogo a ku Kasungu. Lachinayi tikusenda mbatata kukhonde ndinawadandaulira amayi kuti mdzukulu wawo watsika m'kalasi ndipo ine sakundimvera. Sindinatchule TV. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti 17 ndi 4 wabwino ndi uti. Nditawafotokozera anangoti "ohoo." Madzulo ake 7 itakwana anamuthamangitsa okha: "Nyamuka, ukufuna udzalime fodya ngati ine?" Mwana anapita akung'ung'udza, ndiye aphunzitsi munalondola, wokodwa kwambiri anali iyeyu.

Koma TV sinazime. Amayi anatsitsa mawu n'kupitiriza kuonera, akungolota okha zimene zikunenedwa. Nditatuluka kubafa ndinapeza bambo a kunyumba akhala pa mpando wa pambali akumasulira. "Akuti mkulu wakeyo sanafe, anangobisala." Ndipo mayina a anthu onse a mu seweroli akuwadziwa, mpaka kuwakonza amayi akasokoneza. Lero ndi tsiku lachinayi akufika pakhomo 6 isanakwane, munthu amene kale ankabwera 9.

Latsala ndi la kamnyamata, poti tsopano kakumakhala pamiyendo pa bambo ake. Amene muli ndi ana a msinkhu umenewu, mumawagoneka nthawi yanji?