Ndagula TV ya Full HD koma mafilimu akuoneka mbuu, kodi andibera?

Wa_ku_Chilomoni

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Mwezi wathawu ndinagula sikirini ya mainchesi 43, pa katoni analemba Full HD 1080p, kuti nafenso tisiyane nayo TV yachimsana ija yomwe takhala nayo chikwatirane. Mu shopu muja chithunzi chake chinali chowala bwino mpaka tsitsi la munthu kumaoneka lililonse palokha, koma kufika nayo kunyumba nkulumikiza DVD yathu ndi dikoda, ayi ndithu zikuoneka mbuu, nkhope za anthu ngati azipaka phala, mpira ndiye osanena osewera akathamanga mumangoona timabokositimabokosi. Mafilimu a mu fulashi chimodzimodzi. Madamu akuti yakale ija inali bola ndipo ndangotaya ndalama za fetereza. Ndiye funso langa ndi loti kodi andigulitsa feki kapena pali china choti ndigulenso kuti HD yo ioneke? Ndimagwiritsa zingwe zomwe zija zitatu, chachikasu chofiira ndi choyera.

Fundi_wa_ku_Biwi

Achimwene musathamangire kukabweza, mwadziyankha nokha kumapetoko. Chingwe chachikasucho sichinyamula HD ngakhale mutagula TV yodula bwanji, chinapangidwira ma TV akale aja basi. Ndikufotokozereni mwachidule. Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, ma pixel. DVD ya kuno kwathu imatulutsa 720 mopingasa ndi 576 chotsika, ndiye kuti timadontho topitirira pang'ono 400,000. Sikirini yanuyo ngati ilidi Full HD ili ndi 1920 kwa 1080, topitirira 2 miliyoni, kuchulukitsa kasanu. Ndiye mukaipatsa chithunzi cha DVD imachita kuchikoka kuti chidzaze sikirini yonse, timadontho tosowato imangopeka yokha, nchifukwa chake mukuona mbuu. TV yachimsana ija inali yaing'ono komanso galasi lake limabisa zolakwika, iyi sibisa kanthu, chomwe mwaipatsa ndi chomwe ikuonetsani. Mu shopu amaika vidiyo yapadera ya HD yeniyeni pa fulashi kuti mukopeke, si kuti akunamizani ayi koma kunyumba kulibe vidiyo imeneyo.

Choyamba yang'anani kumbuyo kwa dikoda ngati kuli polowetsa HDMI, chingwe chomwe chimanyamula HD. Ngati ndi ya DStv ija yolembedwa HD, pali ndithu. Gulani chingwe cha HDMI, ndipo musalole akunamizeni kuti chagolide chodula ndiye chimaonetsa bwino, pa mita imodzi kapena awiri chotchipa chimagwira chimodzimodzi bola chisakhale chothyoka mkati. Chingwe chimodzi chomwecho chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe. Mukalumikiza mulowe mu settings ya dikoda muike resolution, kuchuluka kwa timadontho tija, pa 1080, chifukwa ndaonapo nyumba zambiri chingwe ndi cha HDMI koma dikoda ikadali pa 576. Komanso dziwani kuti si tchanelo chilichonse chomwe chili HD, china chimaulutsidwa mwa SD, chithunzi cha wamba chosafika HD, kuchokera komwe chikuchokerako ndipo palibe chomwe mungachite.

Za feki nazo ziliko sindikukana, ena amamata dzina la kampani yaikulu pa sikirini yosadziwika. Onani model number pa sitika ya kumbuyo muisake pa Google. Ikapanda kupezeka pa webusayiti ya kampaniyo ndiye kuti pali nkhani. Njira ina lumikizani laputopu pa HDMI muone resolution yomwe Windows ikuti recommended. Ikalemba 1366 x 768 ndiye kuti ndi HD Ready chabe osati Full HD, ma 32 inchi ambiri ndi otero.

Mr_Burning

Kkkk madamu asakuopsezeni bwana, TV ilibe mlandu. Ine ntchito yanga ndi yoika mafilimu mu mafulashi ndi ma memory card ndiye vuto ili ndimakumana nalo daily. Kasitomala amabwera ndi fulashi ya 8GB akuti mundiikire mafilimu 25 ndi ma series awiri, ndiye mukuganiza kuti alowamo bwanji? Timaika aja a 300MB, opanidwa mpaka kutheratu, pa foni amaoneka bho chifukwa kasikirini nkakang'ono koma pa 43 inchi ndi manyazi okhaokha. Filimu ya maola awiri kuti ioneke bwino pa 1080p iyenera kukhala kuyambira 2GB kupita mtsogolo, ina imafika 8GB kapena 10GB. Ndiye mukapita kokaikitsa muzinena kuti ndikufuna 1080p, kapena 720p ngati fulashi ndi yaing'ono, 720p yabwino pa sikirini ngati yanuyo siyoipa ayi. Ndipo muzipewa aja olembedwa CAM, amenewo munthu anachita kujambula ndi kamera mu cinema, mitu ya anthu kumadutsa kutsogolo.

Koma pali misampha itatu yomwe anthu amandibwerera nayo akukalipa. Wina fayilo ikukana kulowa mu fulashi chikhalirecho malo alimo, chifukwa chake fulashi zambiri zimabwera zitafomatidwa mwa FAT32 ndipo FAT32 silola fayilo imodzi yoposa 4GB, muyenera kuifomata ikhale NTFS kapena exFAT, koma yesani kaye chifukwa ma TV ena amawerenga imodzi mwa ziwirizi ina ayi. Wina TV ikulemba file not supported, kawirikawiri ndi mafayilo a x265 omwe ena amati HEVC, ndi abwino chifukwa amachepa size koma sikirini zakale kapena zotchipa siziwatsegula, pemphani x264. Wachitatu chithunzi chikuoneka koma mawu zii, pamenepo ndiye kuti mawu ake ndi a DTS ndipo TV yanu siwadziwa.

Chinanso ndikuuziretu, mafilimu omasulira m'Chichewa aja omwe ana amawakonda musayembekezere kuti aoneka HD. Amadutsa m'makompyuta ambirimbiri, aliyense kuwapana kuti atumizike msanga, pofika kwa inu atha kale. Amenewo oonerani chifukwa cha nthabwala za womasulirayo basi.

NaPhiri_Joni

Ine ndili ku Johannesburg koma ndinawatumizira amayi sikirini ya Hisense kumudzi ndiye zina ndinaziona. Zomwe anena a Fundi ndi zoona. Ndingoonjezera za intaneti poti anthu ambiri akangomva smart TV amaganiza kuti basi mavuto atha Netflix ndi YouTube zilipo. Zilipodi koma bandulo yake mwaiwerengera? Netflix eni ake amanena kuti HD imatha kudya mpaka 3GB pa ola limodzi, 4K, ija ya timadontho tochuluka kanayi kuposa 1080p, mpaka 7GB, pomwe ya wamba ndi pafupifupi 1GB. Ndiye filimu imodzi ya maola awiri pa HD ndi 6GB yapita, ana akaonera ma cartoon Loweruka lonse bandulo ya mwezi yatha. Komanso liwiro, amati 1080p imafuna 5 Mbps yokhazikika, 4K 15 Mbps. Netiweki ikafooka madzulo anthu onse ali pa foni, Netflix siima ayi imangotsitsa quality mwakachetechete, inu nkumati TV ndi yoipa. Ngati kwanuko 4G ya Airtel kapena TNM imagwira bwino gulani rauta ndi bandulo yaikulu ya pamwezi osati kumachita hotspot ndi tima bandulo ta tsiku. Starlink nayo inafika ku Malawi mu 2023, amene ali nayo pa liwiro sadandaula, nkhani ndi thumba basi.

Pa YouTube muzidina kagiya kaja musankhe nokha 1080p, mukaisiya pa auto imakonda kuthawira ku 360p.

Ndiye pali za settings zomwe palibe watchula. TV ikamachoka ku shopu nthawi zambiri imakhala pa Vivid kapena Dynamic, mitundu yokuwa, anthu akuda kumaoneka ofiira. Ikani pa Movie kapena Cinema, tsiku loyamba muona ngati yazilala koma maso akazolowera simudzabwereranso. Sharpness tsitsani, imeneyo ndi yomwe imakulitsa timabokosi mukunenato. Ndipo ngati ili ndi chija chosalazitsa kayendedwe, Samsung amati Auto Motion Plus, LG amati TruMotion, pa mafilimu chizimitseni, pa mpira mutha kuchisiya.

Amene mukufuna kuitanitsa kuno kumbukirani kuti pulagi ya kuno ndi ya mano atatu ozungulira pomwe kumudzi ndi ya mano a makona, ndiye pafunika adaputa kapena kusintha pulagi. Ndipo warranty yake ikavuta simungaikweze basi kubwerera nayo kuno, ganizani kawiri.

Madala_a_Area25

Ana inu mwalankhula zambiri za ma pixel koma chomwe chimapha ma TV amenewa kuno simunachitchule. Magetsi. Yachimsana ija imapirira, magetsi azithima azibwera iyo ili nganganga zaka 15. Zopyapyalazi board yake sichedwa kupsa magetsi akabwera ndi mphamvu, ndipo kukonzetsa kwake mtengo umatsala pang'ono kufanana ndi kugula ina. Musanagule chingwe cha HDMI cho yambani mwagula TV guard, ija imadikira kaye mphindi zingapo magetsi akabwera isanalole kuti adutse. Nyengo ya mvula kukayamba ziphaliwali zulani ku khoma ndipo muzulenso chingwe cha dishi, mphenzi imalowera kumenekonso nkudutsa mu dikoda mpaka pa HDMI ya TV. Guard siteteza mbali imeneyo.

Ubwino wake izi sizidya magetsi kwambiri, ya LED ya size yanuyo ndi mawatsi osafika 100, ndiye ka inverter ndi batire limodzi labwino mumamaliza nayo filimu magetsi atathima.

Za 4K zomwe anyamata a m'mashopu akukakamiza anthu masiku ano ine ndimati dikirani kaye. Muonera chiyani cha 4K? Matchanelo athu a pa Kiliye Kiliye? Pa mainchesi 43 mutakhala pa sofa mamita atatu kuchoka pa sikirini diso silisiyanitsa 4K ndi 1080p, ngakhale 1080p yomweyo kuti muidyerere bwino muyenera kukhala pafupi mamita awiri. Ndiye mwina musunthe mipando, zaulere zimenezo. Ndalama ya 4K yo bola mugulire masipika, poti ma TV opyapyalawa mawu ake ndi osamveka, mulibe malo oikamo sipika ya nzeru. Ine ndinalumikiza ku hifi yanga yakale ndipo anthu akabwera amayamikira mawu asanayamikire chithunzi.

Wa_ku_Chilomoni

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Ndayang'ana, dikoda ili nayo HDMI ndipo model number yapezeka pa webusayiti, mtima wakhala pansi. Koma DVD player ilibe, ndi zingwe zitatu zomwe zija basi. Ndiye ndigule Blu-ray? Ndili ndi madisiki ambiri, ena ndi a ukwati wathu ndi makwaya a ku tchalitchi sindingawataye. A Madala guard ndigula mawa lomwe.

Fundi_wa_ku_Biwi

Blu-ray ndi yabwino zedi pa chithunzi, disiki imodzi imanyamula 25GB ina 50GB pomwe DVD wamba ndi 4.7GB, ndipo 1080p yake imaposa ya pa intaneti chifukwa siyopanidwa kwambiri. Player yake imaseweranso ma DVD anu akale. Koma funso ndi loti madisiki a Blu-ray wo muziwagula kuti? Mukazungulira mu Limbe kapena ku Area 2 mupeza ma DVD okopa aja olembedwa 20 in 1, ena mpaka amasindikiza chizindikiro cha Blu-ray pa chikuto chikhalirecho mkati ndi DVD wamba. Enieniwo mpaka wina akubweretsereni kuchokera kunja, ndipo pali nkhani ya region, Africa ndi Ulaya ndi Region B pomwe America ndi Region A, ndiye disiki ya ku America ikhoza kukana pa player yochokera ku UK kapena ku Joni. Ngati muli ndi m'bale ku UK amene angamakutumizireni ndiye gulani, apo ayi player izingokhala fumbi.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Madisiki a ukwati ndi a kwayawo pitani nawo kwa anthu ngati Mr_Burning akakukopereni mu hard drive, chifukwa madisiki owotcha amafa okha pakapita zaka ngakhale musawakande. Sadzasanduka HD ayi, anajambulidwa mwa SD ndipo adzakhala choncho, koma adzasungika. Mukafuna kumaonerabe pa disiki, DVD player yokhala ndi HDMI ndi yotchipa ndipo chithunzi chimayerako pang'ono kusiyana ndi cha chingwe chachikasu. Ndalama yotsalayo gulani hard drive ya 1TB, imalowa mafilimu a 1080p mazanamazana. TV ikamakana mafayilo ena onjezerani ka Android box muikemo pulogalamu yoonerera mafilimu ya VLC kapena Kodi, zimenezo zimatsegula pafupifupi chilichonse kuphatikizapo x265 ndi DTS zomwe amanena Mr_Burning zija. Koma posankha box samalani, tambiri totchipa timalembedwa 8K ndi ma GB abodza, ndipo Netflix pa box yosavomerezeka imangotulutsa SD ngakhale mulipire package yodula. Yang'anani yodziwika ngati Xiaomi Mi Box.

Mr_Burning

Bweretsani madisikiwo bwana koma hard drive mugule ija yosafuna magetsi apadera, ya 2.5 inchi, ndipo muyese kaye ngati USB ya TV yanu ikuikwanitsa kuizungulitsa poti ma TV ena doko lake mphamvu ndi yochepa, imangolira tiki tiki osatseguka. Ikatero yesani doko lina, pena pamakhala lolembedwa HDD. Ndipo ana asamaizule filimu ili mkati, ndatopa nako kufomata ma drive a anthu akulira kuti zithunzi za ukwati zapita.