Mwana wa autism ku casualty: timuyeza bwanji osamupanikiza?

Namwino wa ku casualty:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Usiku tinalandira mnyamata wa zaka 7 wa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu), salankhula. Anang'ambika pachipumi podzimenyetsa kukhoma. Atangolowa, magetsi, kulira kwa makina ndi chigulu cha anthu zinamusokoneza, mpaka anathawira pansi pa bedi akudziluma. Kuti bala lisokedwe anamugwira anthu anayi, mayi ake akulira pambali. Kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima sizinayezeke bwino. Akubweranso kudzachotsa ulusi, ndipo sindikufuna zija zichitikenso. Inu mumatani?

Clinical officer:
Asisi, tisanafike pa ulusi, anadzimenyetseranji? Mayi ake mukawafunse ngati amatero masiku onse kapena zayamba sabata ino. Mwana wosalankhula akasintha khalidwe mwadzidzidzi, ine ndimaganiza za ululu kaye: khutu, dzino lobooka, kudzimbidwa, matenda a m'chikhodzodzo. Tikangolemba kuti "ndi autism yakeyo", matenda enieni amabwerera nawo kunyumba. Poyeza ululu gwiritsani revised FLACC, njira yoyezera ululu poona nkhope, miyendo, kutakataka, kulira ndi kutonthozeka kwa mwana, chifukwa imalola kholo kutiuza zomwe mwana wakeyo amachita akamamva kupweteka. Ena salira n'komwe, amangoti zii osafuna kukhudzidwa.

Namwino wa ku wodi ya ana:
Zoonadi achimwene. Ine choyamba ndimafunsa gadiyani mafunso atatu: chimamukwiyitsa n'chiyani, chimamukhazika mtima pansi n'chiyani, ndipo amavomera kapena kukana motani. Kenako chipinda chachete, nyali imodzi, wolankhula mmodzi yekha, mawu ochepa. Chinthu chomwe wabwera nacho m'manja musamulande, ndipo akamadzigwedeza musiyeni, ndi momwe akudzitonthozera. Chida chilichonse muyambe mwayeza nacho mayi ake iye akuona. Oximeter, kachida koyezera okosijeni m'magazi, akaikana pachala, ikani kuchala cha phazi. Muyezeni ali pamiyendo pa mayi ake, ndipo khutu ndi pakamwa zikhale zomalizira.

Namwino wa usiku:
Zonsezi n'zabwino, koma mzere ukakhala wautali ndipo muli awiri okha, nthawi yonyengerera muipeza kuti?

Namwino wa ku wodi ya ana:
Asisi, anthu anayi aja anachoka kuti? Anasiya odwala ena. Mphindi 10 zokonzekera n'zochepa kuyerekeza ndi kulimbana ndi mwana wamantha, amene ulendo wina adzayamba kukuwa ali pakhomo.

Dokotala wa ana:
Funso la asisi ausiku ndi lomveka, tisalinyoze. Triage ya ETAT, njira yosankhira ana ofunika thandizo lamsanga, sisintha chifukwa cha autism. Mwana wobanika, wokomoka kapena amene akugwedezeka ngati wa khunyu timamuthandiza pompo, ndipo apo kumugwira kuti tipulumutse moyo n'koyenera, koma osamugoneka chafufumimba, osakanikiza chifuwa. Kumbukirani kuti khunyu imapezeka kwambiri mwa ana a autism kuposa ana ena. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5 patsani mankhwala, ndipo shuga muyeze. China chomwe chimandidetsa nkhawa ndi ana omwe amadya zinthu zosadyedwa. Akamatuluka dovu kapena kukana kumeza, ganizirani kuti mwina ameza kabatire kakang'ono kozungulira, kamene kamatha kuwotcha kummero m'maola 2 okha. Mnyamata wanuyu poti anamenyetsa mutu, funsaninso za kusanza ndi kugona kwambiri.

Wogonetsa odwala:
Pa jakisoni kapena kanyula zosafulumira, pakani EMLA, mankhwala opaka ochititsa dzanzi pakhungu. Imafuna pafupifupi ola limodzi, ndiye pakani atangofika, ngakhale ana ena chomata chakecho amachisenda. Midazolam, mankhwala ofatsitsa, musamuyese njira yachidule, ana ena m'malo mofatsa amalusa kwambiri. Ketamine, mankhwala ogonetsa, amathandiza posoka, koma pakhale okosijeni, suction (makina opopera malovu ndi masanzi) ndi munthu woyang'anira kapumidwe basi. Ndipo bala likakhala laling'ono, loyera, la milomo yokumana bwino, glue wa mabala kapena steri-strips (timatepi tolumikizira milomo ya bala) zikanatipeputsa, sipakanakhala ulusi wochotsa.

Namwino wa ku casualty:
Zikomo nonse. Ndawaimbira mayi ake. Akuti wakhala akukoka khutu lamanja ndipo sakugona, ndiye ndawapempha abwere naye mawa m'mawa, osadikira tsiku la ulusi. Alowera khomo lakumbali molunjika kuchipinda chomangira mabala. Akuti amaopa magolovesi, koma akamaonera foni amakhazikika. Zonsezi ndazilemba pamwamba pa fayilo yake kuti aliyense womulandira aziona. Adokotala, mungapezeke 7 koloko kuti khutulo muliyang'ane?

Dokotala wa ana:
Ndidzapezeka. Mayi ake muwauze abweretse mankhwala onse omwe mwanayo amamwa, ndipo mumuyeze pasikelo ndisanafike kuti mlingo wa paracetamol tiwerengere pa 15 mg pa kilogalamu.