Ana anga akuwerenga chithunzi, osati mawu

Mphunzitsi wa Sitandade 2, Chisitu:
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Pasukulu pathu tinalandira buku la zithunzi lokamba za mudzi womwe anthu ake anagwirizana kudzala mitengo m'mphepete mwa mtsinje, madzi atawakokolera minda. Ana alikonda kwabasi. Koma buku ndi limodzi, ana ndili nawo oposa 100. Choipa kwambiri ndi ichi: dzulo ndinaphimba chithunzi ndi dzanja n'kuloza mawu oti "mtsinje". Mwana yemwe amandiwerengera tsamba lonse osadodoma anangondiyang'ana kukamwa yasa. Ndiye kuti masabata atatu onsewa akhala akuloweza pamtima. Ndilisiye bukuli, ndizingogwiritsa ntchito la NRP, pulogalamu ya boma ija yophunzitsa ana kuwerenga?

Mphunzitsi wa Sitandade 1, Bvumbwe:
Musalisiye, Madamu. Vuto si buku, koma kuti chithunzi chikufika m'maso mwa mwana mawu asanafike. Ine ndimachita chonchi. Tsiku loyamba timangoona zithunzi ndi kucheza, sindiwerengetsa chilichonse. Tsiku lachiwiri buku limakhala m'thumba. Ndimasankha mawu asanu okha a m'nkhanimo, n'kuwalemba pa zidutswa za makatoni, phatikizo lililonse pakachidutswa kake, monga: mu, dzi, mbe, wu, mte, ngo. Ana amalumikiza okha m'magulu, pansi pomwepo. Mwana akalumikiza "mudzi" popanda chithunzi cha nyumba pambali, ameneyo wawerengadi. Buku limatuluka tsiku lachitatu ngati mphoto, ndipo ndimawauza kuti asake mawu awo aja pa tsamba. Makatoni pemphani kumagolosale, ndiyo TALULAR ija, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka m'dera mwathu momwemo, yomwe timauzidwa ku TDC, kumalo a maphunziro a aphunzitsi.

Mphunzitsi wa Sitandade 2, Chisitu:
Zikomo Madamu. Nanga magulu a ana ochuluka chonchi mumawakwanitsa bwanji nokha?

Mphunzitsi wa Sitandade 1, Bvumbwe:
Gulu lililonse ndimaikamo mwana mmodzi wodziwako kale. Koma muzimusintha, apo ayi iyeyo amalumikiza yekha anzake akungoonerera.

Mphunzitsi wamkulu, Likhubula:
Ndiwonjezerepo, ana anga, poti ine choko ndachigwira kuyambira 1994 pamene sukulu zinayamba kukhala zaulere, makalasi n'kusefukira. Musaiwale kuti buku lalikulu muli nalo kale kuseri kwa kalasi: phiri la Mulanje. Mawu oti "mtsinje" ndi ovuta kwa mwana wa Sitandade 2 chifukwa cha "mtsi" ndi "nje", choncho musadabwe kuti anakakamira. Yambani ndi mayina omwe amawamva tsiku lililonse. "Sapitwa" amagawika mosavuta: sa, pi, twa. Mukawauza kuti nsonga imeneyo ndi yotalika mamita 3,002 ndipo m'Malawi muno mulibe ina yoiposa, mwana amafuna kulilemba yekha dzinalo. "Ruo", dzina la mtsinje, ndi malembo atatu basi. Kenako mufike pa "mkungudza", mtengo wa fuko lathu, womwe mwachilengedwe umamera paphiri lomweli lokha ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa ndi moto wolusa. Ana ambiri kuno amadziwa fungo lake koma mtengo woimirira sanauonepo. Zimandipweteka mtima zimenezi.

Chinanso, kuno kwathu ana ena kunyumba amamva Chilomwe kwa agogo awo. Muziwafunsa kuti chinthu chili pachithunzicho agogo amachitchula bwanji. Mwana wamanyazi amatsegukira pomwepo.

Mphunzitsi wa Sitandade 3, Muloza:
Ine nkhawa yanga ili pena. Mwati m'bukumo muli madzi osefukira. Madamu, tsamba limenelo lidumpheni. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 sanachoke m'mitima ya ana athu. Ine ndinajambulapo mtsinje wodzaza pabolodi, kamtsikana kena kanalira mpaka kuweruka. Kwawo anataya anthu.

Mphunzitsi wamkulu, Likhubula:
Pepani kwambiri ndi za mwanayo, achimwene. Komabe kudumpha ine sindikugwirizana nako. Anawa amamva kale kumudzi kuti kunadutsa Napolo, ndipo amagona ndi mantha mvula ikamagwa usiku. Mukabisa tsambalo, mantha atsala pomwepo. Chofunika n'kudziwa ana anu musanatsegule buku. Funsani amayi a mother group, gulu la amayi othandiza pasukulu, kuti ndi mabanja ati anakhudzidwa. Ana amenewo akhale pafupi nanu, musawaloze kuti ayankhe, ndipo tsamba la madzi musatsekere nalo phunziro. Muwerenge mpaka pomwe anthu a m'mudzimo akudzala mitengo, tsiku lomwelo.

Mphunzitsi wa Sitandade 3, Muloza:
Ndamva, bambo. Koma kwa ine, chaka chino ayi. Ana anga ndikuwadziwa.

Mphunzitsi wa Sitandade 2, Chisitu:
Ndabweranso patatha sabata. Makatoni aja agwira ntchito. Lachisanu ndinayesa ana mmodzimmodzi pakhonde, chithunzi palibe, ndipo ambiri anawerenga "mudzi" ndi "mbewu". "Mtsinje" akadavutabe, ndawusiya kaye. Mwana uja anandiyang'ana kukamwa yasa ndi amene analumikiza "Sapitwa" koyamba, n'kuthamanga kukaonetsa mkulu wake wa Sitandade 5. Za tsamba la madzi, ndinakumana ndi amayi aja ndipo anditchulira ana anayi. Tiliwerenga Lachiwiri, mayi mmodzi wavomera kudzakhala nafe m'kalasi. Madamu a ku Bvumbwe, makadiwa mumawasunga bwanji kuti asanyowe? Denga lathu likudontha mbali ya kubolodi.