Alipo anagonako mu Durham Castle? Ndithandizeni maganizo

Abale anga amene muli kuno ku UK, mayi anga akubwera kuchoka ku Malawi kudzationa ndiye ndikufuna ndiwatengere ku Durham, tauni ija yazunguliridwa ndi mtsinje wa Wear, ndipo ndamva kuti munthu utha kugona mkati mwa castle (chinyumba chakale chomangidwa ngati linga) momwemo chifukwa masiku ano mumakhala ana a yunivesite ndiye akapita ku holide zipinda zawo amabwereketsa kwa alendo. Nyumbayo anayamba kuimanga mu 1072, pamodzi ndi tchalitchi chachikulu chili pafupipo zinalowa m'ndandanda wa malo ofunika kuwasunga padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1986, ndiye mayi ngati okonda zatchalitchi ndikudziwa akasangalala heve.

Koma vuto ndi mawondo. Mayi masitepe ambiri sawatha, ndipo nyumba yakale chonchija ili paphiri ndikuopa kuti tingakafike n'kupeza chipinda chathu chili pamwamba penipeni. Kodi pobukitsa munthu ungapemphe chipinda chapansi? Nanga bafa ndi toileti zimakhala m'chipinda momwemo kapena n'zogawana ndi anthu ena? Izi kwa mayi ndi nkhani yaikulu, simungawauze kuti usiku aziyenda m'khonde kusaka toileti.

China, tipite pa sitima kuchokera pa siteshoni ya King's Cross ku London kapena pagalimoto? Paja kulowa ndi galimoto mbali ya castle kuja amalipiritsa. Amene munagonako, munabukitsa miyezi ingati isanakwane holide ya chilimwe, ndipo kuzizira kwake usiku kunali bwanji?