Polling pa seva ya ma core anayi: bwanji mapaketi akutayika?

Mwatsika:
Akuluakulu, ndili ndi funso la FreeBSD 11, dongosolo loyendetsa kompyuta. Makinawa ndi a ma core anayi, makadi a netiweki ndi a Intel 82576 a driver ya igb, ndipo ntchito yawo ndi ya router. Kernel ili ndi options DEVICE_POLLING (polling ndi pamene kernel imayendera yokha kadi kukatenga mapaketi, m'malo modikira interrupt, chizindikiro chimene kadi imatumiza mapaketi akafika) komanso HZ=1000 (wotchi ya kernel imagunda ka 1000 pa sekondi, kugunda kulikonse ndi tick imodzi). Mukangolemba ifconfig igb0 polling, ma interrupt amatsikadi pa vmstat -i, koma netstat -w1 -I igb0 imaonetsa mapaketi olowa akutayika, ndipo liwiro silikudutsa mapaketi 150,000 pa sekondi. Si paja polling inabwera kuti makina apepukidwe?

Kalulu_BSD:
Nambala yanuyo ikuulula kale vuto, achimwene. kern.polling.burst_max, malire a mapaketi otengedwa pa tick imodzi, imabwera ili pa 150, ndipo kadi imayenderedwa ka 1000 pa sekondi. Chulukitsani, mupeza 150,000 yomweyo. Anaikonzera netiweki ya 100 Mbit, imene mapaketi ang'onoang'ono a ma byte 64 amathera pa 148,809 pa sekondi. Gigabit imafika 1,488,095. Ndiye kuti pa tick imodzi pangabwere mapaketi pafupifupi 1,488, pamene ring ya kadi, posungira mapaketi odikira, ili ndi malo 1024 okha ngati simunasinthe hw.igb.rxd. Osefukirawo kadi imangowataya.

Palinso kern.polling.user_frac, imene ili pa 50. Imasungira mapulogalamu theka la tick iliyonse, ngakhale router ilibe pulogalamu yolifuna thekalo.

Nambewe:
Kukweza burst_max kungakuthandizeni pang'ono, koma muzu wake uli pena. Luigi Rizzo anabweretsa polling mu FreeBSD 4.6 m'chaka cha 2002, nthawi imene vuto linali la purosesa imodzi yomira mu ma interrupt mpaka kulephera kumaliza paketi ngakhale imodzi. Poyamba kernel ya SMP, ya makina a ma core angapo, inkakana ndi kumangidwa komwe mukaikamo polling. Anadzalola pambuyo pake, koma kapangidwe sikanasinthe: makadi onse amene ali pa polling amayenderedwa motsatizana ndi thread imodzi ya netisr. Lembani top -SHP muone nokha. Core imodzi ikhala ikupsa, zitatu zili chogona.

Pomwe 82576 ili ndi MSI-X ndi RSS. Kadi yokha imagawa mapaketi m'mizere ingapo potengera ma adilesi ndi ma port, mzere uliwonse ndi interrupt yake pa core yake. Poyatsa polling mwatsekera anthu onse pakhomo limodzi nyumba ili ndi makomo anayi. Ndipo mu code yakale ya igb munali chenjezo loti polling iyende ndi mzere umodzi basi.

Chitani izi. Zimitsani ndi ifconfig igb0 -polling. Mu /boot/loader.conf ikani hw.igb.num_queues=4 ndi hw.igb.rxd=4096, ndipo hw.igb.enable_aim muisiye pa 1 kuti kadi izichepetsa yokha ma interrupt mapaketi akachuluka. Malire ake ali pa hw.igb.max_interrupt_rate, 8000 pa mzere. Mukayatsanso makina, vmstat -i ionetse igb0:que 0 mpaka que 3 zikuyenda mofanana. Mzere umodzi ukalemera kuposa inzake, onani ngati mapaketi sakudutsa mu PPPoE kapena mu tunnel imodzi, chifukwa pamenepo RSS ilibe chogawira.

Kalulu_BSD:
Mayi Nambewe anena zoona. Ndiwonjezere za kuchedwa: pa HZ=1000 paketi ingadikire mpaka milisekondi imodzi pa kadi isanatengedwe, ngakhale mzere uli mbee. Ena amakweza HZ kufika 4000, koma wotchiyo imayamba kudya CPU, ndipo kern.polling.lost_polls ikamakwera dziwani kuti makina sakukwanitsa.

Phiri_eth0:
A Linux anadutsa njira ina ndi NAPI: interrupt yoyamba imadzutsa driver, kenako imazimitsidwa ndipo mzerewo umakokedwa mapaketi 64 pa ulendo mpaka utatha. Mzere uliwonse umatero pa core yake, n'chifukwa chake SMP siivutika nayo. Pa FreeBSD polling isiyireni makadi akale a mzere umodzi monga fxp ndi rl. Pa igb yanuyo ichotseni, ndipo yesani ndi ma connection ambiri nthawi imodzi, monga iperf3 -P 8, chifukwa connection imodzi imagwera mzere umodzi nthawi zonse.