Kodi ndizidikira mphindi zingati ndisanazimitse injini ya turbo?

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino. Ndimayendetsa lole ya dizilo ya Fuso Fighter yokhala ndi turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu), ndipo ndimanyamula mpunga kuchokera ku Karonga kupita ku Mzuzu. Ndikamaliza chikweza cha Chiweta lole itadzaza, ndimaima n'kusiya injini ikulira kwa mphindi 2 ndisanazimitse, poopa kuti oyilo angapserere mu turbo ikadali yotentha. Komabe masiku ano ndikailiza m'mawa ikumatulutsa utsi wabuluu pang'ono. Ndinasintha oyilo ndi fyuluta, ndinafunsanso amakaniko awiri, koma wina akuti ndizidikira mphindi 5 pomwe mnzakeyo akuti n'kungowononga mafuta. Kodi nthawi yoyenera ndi iti, nanga utsiwu ukutanthauza kuti turbo yayamba kale kuwonongeka? Chonde ndithandizeni.