Ndikuphonya malo ndi mamita pafupifupi 300 ngakhale manambala a pamapu ndikuwawerenga molondola

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pagulu lino, ndikupempha thandizo kwa inu amene munaphunzira kuyenda m'tchire ndi mapu a asilikali komanso kampasi. Ndakhala ndikudziphunzitsa ndekha kwa miyezi itatu, ndipo mapu amene ndili nawo ndi a sikelo ya 1:50,000, pamene masentimita 2 papepala amaimira kilomita imodzi pansi.

Za manambala a mizere ya pamapu, amene amasonyeza pamene malo ali, ndikuona ngati ndazigwira. Ndimawerenga kupita kumanja kenako m'mwamba, ndipo ndikudziwa kuti manambala 4 amandifikitsa m'kabokosi ka kilomita imodzi, manambala 6 m'kabokosi ka mamita 100, pamene manambala 8 amandifikitsa m'kabokosi ka mamita 10. Ndamvetsanso kuti dongosolo la asilikali lotchulira malo pamapu, lotchedwa MGRS, limagawa dziko lapansi, kupatula nsonga zake za kumpoto ndi kumwera, m'zigawo 60 za madigiri 6 chilichonse, ndiponso kuti pa zilembo zotchulira zigawo, I ndi O anazisiya dala poopa kuti zingasokonezeke ndi 1 ndi 0.

Chandisowetsa mtendere ndi ichi. Loweruka lapitali ndinasankha malo amene timitsinje tiwiri timakumana, makilomita 2 kuchokera pamene ndinaima, ndipo nditayeza ndi protractor (chipangizo choyezera ngodya) pamapu ndinapeza madigiri 62. Kachithunzi ka m'munsi mwa mapu kakusonyeza kuti kumpoto kwa maginito, kumene singano ya kampasi imaloza, kuli madigiri 4 kumadzulo kwa kumpoto kwa mizere ya mapu, choncho ndinachotsera 4 n'kuyenda pa madigiri 58. Ndinakatulukira mamita pafupifupi 300 kumanzere kwa malowo. Chinanso n'chakuti manambala a GPS yanga amasiyana ndi a pamapu ndi mamita ngati 200 paliponse pamene ndaima. Kodi mavuto awiriwa ali ndi gwero limodzi, kapena kampasi yanga ndi yowonongeka?

Yankho loyamba:

Achimwene, kampasi yanu musaitaye, chifukwa manambala amene mwalembawa akuulula okha pamene panalakwika. Kumpoto kwa maginito kukakhala kumadzulo kwa kumpoto kwa mizere, ngodya imene mwayeza pamapu mumaiwonjezera musanaiike pa kampasi, ndipo mumachotsera pokhapokha kukakhala kum'mawa. Munayenera kuyenda pa madigiri 66. Poyenda pa 58 munapatuka ndi madigiri 8, osati 4, popeza munasunthira mbali yosiyana ndi yoyenera. Digiri imodzi imakutayani mamita pafupifupi 17 ndi theka pa kilomita iliyonse, choncho madigiri 8 pa makilomita 2 ndi mamita 280, ndipo kupatukako kumakhala kwa kumanzere monga momwe munaonera. Ine sindilimbikitsa kuloweza lamuloli pamtima, chifukwa munthu ukatopa umalitembenuza. Jambulani mivi iwiri ya kumpoto papepala pamodzi ndi mzere wa ulendo wanu, ndipo maso anu adzaona okha ngodya imene ili yaikulu. Onaninso chaka chimene chalembedwa pa kachithunziko, popeza kumpoto kwa maginito kumasuntha chaka ndi chaka, ndipo pa mapu akale madigiri 4 aja akhoza kukhala atasintha.

Yankho lachiwiri:

Ndikugwirizana ndi bambo amene ayankha pamwambapa, koma za GPS ndi nkhani ina. Kuphonya kochokera ku ngodya kumakula mukamapita patali, pamene kwanuku kukukhala chimodzimodzi paliponse, ndipo chimenecho kawirikawiri chimaloza ku datum, ndiye kuti muyeso wa maonekedwe a dziko umene ojambula mapuwo anatsatira. Makina ambiri a GPS amabwera atatcheredwa pa datum yotchedwa WGS 84, koma mapu ambiri akale anajambulidwa pa datum ina, ndipo kusiyana kwake kumatha kufika mamita mazana angapo. Werengani zolembedwa m'mphepete mwa mapu anu, mupeze dzina la datum, kenako mutchere GPS kuti ifanane nayo. Mukatero kaimeni pamalo osakayikitsa monga mlatho kapena mphambano ya misewu kuti muyerekeze manambalawo.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndayang'ana m'mphepete mwa mapu ndipo datum yake si WGS 84, komanso nditajambula mivi ija ndaona kuti 66 ndiye inali yolondola. Ndatsala ndi funso limodzi. Ngakhale ngodya itakhala yolondola, sindikhulupirira kuti ndingayende makilomita 2 m'zitsamba osapatuka, ndiye ndikafika pamtsinje ndidzadziwa bwanji ngati malowo ali kumanja kapena kumanzere?

Woyankha woyamba:

Patukani mwadala. M'malo molunjika pamalo penipeni, lunjikani madigiri awiri kapena atatu kumanja kwake, ndipo mukafika pamtsinje mudzadziwa kuti muyenera kutembenukira kumanzere n'kuutsata. Musananyamuke, yezani mamita 100 pamalo athyathyathya n'kuwerenga kuti phazi lanu lamanzere likuponda kangati, kenako mubwereze pokwera chitunda, chifukwa pokwera mapazi amafupika ndipo nambalayo imakwera. Powerenga kampasi muziima patali ndi galimoto, mpanda wa waya ndi mawaya a magetsi, ndipo foni ikhale kutali ndi dzanja limene lagwira kampasiyo.